Anyamata Awiri, Mbeta Imodzi ndi Famu ya Wina

Kumapeto kwa chaka cha 1920, kampani ya Metro Pictures ku America idayamba kuonetsa kanema woseketsa wa mphindi pafupifupi 20 wotchedwa The Scarecrow, yemwe Buster Keaton adakonza mothandizana ndi Edward Cline. Nkhani yake njaifupi. Anyamata awiri ogwira ntchito pa famu, wina wochepa thupi wina chimphona, amagona nyumba imodzi, ndipo onse awiri maso ali pa mwana wamkazi wa mwini famuyo. Bambo a mtsikanayo safuna kuona aliyense wa iwo akuzungulirazungulira pakhomo. Pamapeto pake wochepa thupi uja ndiye akwatira. Nkhaniyi sidali yachilendo ngakhale pang'ono. Charlie Chaplin adali ataisewera kale mu The Tramp mu 1915 ndi mu Sunnyside mu 1919, ndipo Roscoe Arbuckle, yemwe anthu ankangomutchula kuti Fatty chifukwa cha kunenepa kwake, adaisewera mu Fatty and Mabel Adrift mu 1916 ndi mu Love mu 1919. Akatswiri atatu a nthabwala, aliyense ndi kaseketsedwe kake, onse ankabwerera ku nkhani imodzimodzi, pamalo amodzimodzi. Chinkawakokera kumeneko n'chiyani?

Yankho lapafupi ndi lakuti anthu a m'tauni ankakonda kuseka anthu a kumidzi, komanso kuti nkhani yachikondi siikanika kukopa oonera. Zimenezi zili ndi choona chake, koma sizifotokoza zomwe maso amaona munthu akakhala pansi n'kuonera makanemawa. Chikondi chimatenga mphindi zochepa kwambiri, ndipo nthawi zambiri chimachitika mothamanga, ngati kuti osewerawo akufuna athane nacho msanga apite ku zina. Maganizo anga ndi akuti kulimbirana mkazi sikudali mutu weniweni wa makanemawa. Kudali njira yachidule yoyambitsira chipwirikiti popanda kulankhula. Mutu weniweni udali munthu wopanda munda, wopanda ndalama, amene chuma chake ndi thupi lake ndi nzeru zopezera pomwepo, akulimbana ndi zinthu za eni komanso ndi eni ake a zinthuzo.

Tiyambe ndi mavuto amene okonza kanema a nthawi imeneyo ankakumana nawo. Kanema adalibe mawu. Kulankhula kudadzalowa mwamphamvu kuyambira 1927, ndi The Jazz Singer. Chimene munthu ankamva m'holo ndi piyano kapena kagulu ka oimba komwe kankatsatira zochitika pa chinsalu. Zoti wosewera wanena zinkalembedwa pa makadi oonekera pakati pa zithunzi, ndipo khadi lililonse linkadula nthabwala pakati. Komanso ambiri mwa oonera m'mizinda ngati New York ndi Chicago adali obwera kumene kuchokera ku Italy, Poland, Russia ndi maiko ena, oti Chingerezi cholembedwa chinkawavuta. Kanema woseketsa nthawi zambiri ankakhala wa mikukuta iwiri ya filimu, uliwonse wa mphindi pafupifupi 10, choncho padalibe nthawi yofotokoza kuti uyu ndani, akufunanji. Pankafunika nkhani yoti diso liimve lokha. Mtsikana aime pampanda, mnyamata amumwetulire, wina aonekere kumbuyo nkhope ili gwaa, bambo atulukire ndi foloko yonyamulira udzu: palibe munthu wa chilankhulo chilichonse amene angafunse chomwe chikuchitika. Famu nayo inkabwera ndi zida zake zokonzakonza. Chitsime n'chogweramo, makwerero n'ngoterereka, matope alipo, nkhumba zilipo, galu alipo, mtsinje uli pafupi. Makamera a nthawiyo ankadalira kwambiri kuwala kwa dzuwa, ndipo Los Angeles adali atazunguliridwa ndi minda. Chaplin adajambula The Tramp ku Niles, kamudzi ka ku California komwe kampani ya Essanay idali ndi malo ake. Kujambulira pa famu kudali kotsika mtengo.

Koma kutsika mtengo kokha sikubala kanema wokumbukika, ndipo apa m'pamene The Scarecrow amaphunzitsa zambiri. Keaton akuyamba kanemayu osati ndi mtsikana koma ndi nyumba. Ndi kanyumba ka chipinda chimodzi momwe iye ndi mnzake, Joe Roberts, akukhala, ndipo chinthu chilichonse m'menemo chimagwira ntchito ziwiri. Galamafoni ikatembenuzidwa ndi chitofu. Shelefu ya mabuku ikatsegulidwa ndi kabati yoziziritsira zakudya. Bedi likaimikidwa limaoneka ngati limba, bafa likagudubuzidwa limasanduka sofa, ndipo madzi osamba aja amatulukira panja kukadzaza kadziwe ka abakha. Pa nthawi ya chakudya mchere, tsabola ndi zina zonse zikulendewera pa zingwe kuchokera kudenga, ndipo anyamata awiriwo akuponyerana zinthuzo mosaphonya, osayang'anana n'komwe, monga anthu amene achita zimenezi m'mawa uliwonse kwa zaka. Akamaliza, zotsala zimatsetserekera kwa nkhumba, mbale zomwe n'zomatidwa pathebulo zimatsukidwa ndi paipi ya madzi thabwa lonse litakolekedwa pakhoma. Mita ya gasi imafuna ndalama yachitsulo. Iwo amaponyamo ndalama yomangidwa ku chingwe, gasi akayaka n'kuikokanso. Gawo limeneli limatenga chigawo chachikulu cha kanema yense, ndipo aliyense amene adaonerapo The Scarecrow ndi limene amayamba kulitchula. Tsono tiyeni tione chomwe likunena. Awa ndi amuna awiri osauka moti sangakwanitse chipinda chachiwiri, amene agonjetsa kuchepa kwa malo ndi kusowa kwa ndalama ndi luso lokha. N'ngogwirizana kuposa mabanja ambiri. Pamene kanema akutiuza kuti awiriwa ndi adani pa nkhani ya mkazi, maso athu aona kale kuti mchere amapatsirana mumlengalenga.

Chipwirikiti chikayamba, nacho sichichokera kwa wopikisana naye. Chichokera kwa galu. Galuyo, Luke, yemwe adali wa Arbuckle ndipo adasewera m'makanema ambiri, wadya chakudya cha kirimu woyera chomwe mtsikana adaphika, kukamwa kwake kuli mbuu. Keaton akuyesa thovu la chiwewe, liwiro. Chotsatira ndi kuthamangitsana kotalika, munthu ndi galu, kudutsa m'mawindo a bwinja la nyumba, kukwera makwerero (galunso akukwera), kuthamanga pamwamba pa makoma opanda denga. Kamera ili patali, ikuonetsa thupi lonse ndi khoma lonse, kuti woonera akhulupirire kuti palibe chinyengo. Uku ndiye kudali kajambulidwe ka Keaton, yemwe ankadumpha ndi kugwa yekha. Roberts, mdani uja, atamva kuti mnzake akuthamangitsidwa ndi galu wachiwewe, akuthamangira kukagula mankhwala ndi ndodo zoyendera kuti adzamuthandize, kenako iye yemwe n'kugundidwa ndi galimoto. Keaton akubisala mu udzu, makina opunthira akumumeza n'kumulavula zovala zitatsala m'kati. Ali ndi zam'kati zokha, mtsikana wakomoka pomuona, bambo akumuthamangitsa, ndipo pothawa manyazi akuvula chidole choopsezera mbalame m'munda n'kuvala sanza zake, n'kuima pamalo pake manja ali lende.

Chithunzi chimenechi ndicho chidapatsa kanemayu dzina, ndipo n'choyenera kuchiyang'anitsitsa. Mwini famu ndi Roberts akufika pafupi, akuyang'ana uku ndi uku, osamuona. Munthu wamoyo waima pamaso pawo atavala sanza, m'munda wa wina, akulondera mbewu zomwe sadzadya, ndipo n'chifukwa chake saoneka. Ali pomwepo akumenya theche wina, kenako winayo, aliyense n'kumaganiza kuti wamumenya ndi mnzake, mpaka atatsala pang'ono kugwirana pakhosi. Wopanda mphamvu wapeza mphamvu m'kusaoneka kwakeko. Pali kanthu kena kokoma apa kwa odziwa mbiri: yemwe adasewera ngati mwini famu ndi Joe Keaton, bambo ake enieni a Buster, omwe kuyambira Buster ali kamwana ankamuponya uku ndi uku pa nsanja m'sewero lawo la The Three Keatons. Theche limenelo lidali ndi mbiri yake.

Nanga ukwati ukubwera bwanji? Keaton pothawa akugwada kuti amange chingwe cha nsapato. Mtsikana, yemwe ndi Sybil Seely, akutulukira, akumuona ali chogwada, n'kuyesa kuti akumufunsira, n'kulola. Mnyamatayo sadanene kanthu. Akuthawa onse awiri, poyamba pa hatchi, kenako pa njinga yamoto yokhala ndi kangolo pambali, ndipo ali pa liwiro akukokolola abusa omwe amangodutsa mumsewu. Mwambo ukuchitikira panjinga pomwepo, mphete ndi nati yomasulidwa ku njingayo, ndipo abusa akumaliza kudalitsa onse atatu ali m'madzi a mumtsinje. Tiyerekeze ndi Love wa Arbuckle. Kumeneko nkhani ya chuma ili poyera: mnyamata wopikisana naye, Al St. John, akubwera ndi kalata ya bambo ake yolonjeza gawo la munda wawo ngati mtsikana akwatiwe ndi iyeyo, ndipo bambo a mtsikana akuvomera nthawi yomweyo. Fatty alibe munda woti alonjeze. Akuvala ngati mayi wophika n'kulembedwa ntchito m'nyumbamo, ndipo pa tsiku la ukwati abusa achilendo pantchito atapempha kuti ayeserere kaye mwambo, wophika uja akudzipereka kuima pamalo pa mkwati. Mawu onse a ukwati anenedwa. Kuyeserera kwasanduka zenizeni. Makanema awiri, maukwati awiri, ndipo palibe umodzi womwe wadzera pakhomo. Wina wadzera mwangozi, wina mwachinyengo. Owerenga odziwa chikamwini amvetsa msanga chomwe chili pansi pa nthabwalazi, chifukwa amadziwa kuti kukwatira pamudzi wa eni munda ndi nkhani ya khasu ndi nthaka pomwe ili nkhani ya mtima. Kusiyana kwake n'kwakuti mkamwini amapatsidwa polima, pomwe wantchito wa m'makanemawa sapatsidwa ngakhale mwayi wofunsira.

Wina anganene kuti uku n'kufinya mwala. Anthuwa ankangofuna kuseketsa, ndipo Keaton mwini wake, atakalamba n'kuyamba kutamandidwa ndi ophunzira, sankakondwera ndi matanthauzo akuya omwe anthu ankapachika pa makanema ake. Zimenezi n'zoona, ndipo sindikunena kuti adakhala pansi kuti alembe phunziro la za umwini wa malo. Koma nthabwala imaseketsa pokhapokha ngati woonera wazindikira kanthu kena m'menemo. Ndalama ya chingwe m'mita ya gasi siiseketsa munthu amene sadakhalepo mumdima chifukwa chosowa khobidi. Akatswiriwa ankayesa nthabwala zawo pamaso pa anthu, zina kuyambira m'masewero a pa nsanja, n'kusunga zokhazo zomwe zagwetsa anthu ndi phwete. Zomwe zidatsala ndi umboni wa zomwe oonerawo ankadziwa pamoyo wawo. Kalembera wa anthu wa 1920 ku America adasonyeza, kwa nthawi yoyamba, kuti okhala m'matauni aposa okhala kumidzi, ngakhale pang'ono chabe, ndipo tauni ankawerengera malo aliwonse okhala anthu 2,500 kapena kuposerapo. Ndiye kuti ambiri mwa omwe ankadzaza maholo a kanema adali atangochoka kumene pa famu, kaya ya ku Kansas komwe Keaton adabadwira mu 1895, kaya ya ku Sicily. Ankamudziwa mwini famu woonetsa mano ukapuma. Ankadziwa kuti mwana wa bwana sayang'anidwa.

Izi zikutifikitsa ku chitsutso chachiwiri, chomwe n'cholemerako: chakuti makanemawa ankanyoza anthu a kumudzi. Sitingakane kuti chinyozo chidalipo, makamaka m'makanema a kampani ya Keystone ya Mack Sennett. Al St. John adatchuka posewera chitsiru cha kumudzi, cha mano ochoka ndi buluku lolekeza m'maondo, ndipo anthu ankamuseka chifukwa cha uchimidzi wakewo. Komabe tikafunsa kuti kanema ali mbali ya ndani, yankho limasintha. Mu Sunnyside wopikisana ndi Chaplin ndi njonda ya m'tauni yomwe yabwera itavulala pangozi ya galimoto, ndipo chomvetsa chisoni, chomwenso n'choseketsa, ndi wantchito wa pa famu akuyesa kutsanzira kavalidwe ka njondayo ndi zinthu zotolatola. Mtima wa woonera uli kwa wantchitoyo. Kanyumba ka mu The Scarecrow nako, tikakaonetsetsa, sikakuseka umbuli wa kumudzi. Kakuseka misala ya nthawiyo yofuna kuchita chilichonse mwachangu ndi makina, m'zaka zomwe Henry Ford ankasonkhanitsa magalimoto a Model T pa lamba woyenda, thirakitala ya Fordson itangoyamba kulowa m'minda mu 1917, ndipo wojambula zithunzi zoseketsa Rube Goldberg ankatchuka m'nyuzipepala ndi makina ake ozungulira kutali pochita kanthu kakang'ono. Chaplin nayenso mu Sunnyside akukonza chakudya cha m'mawa poika nkhuku pa chiwaya kuti iikire dzira momwemo, n'kukamira ng'ombe m'kapu ya khofi. Amene akusekedwa apa ndi nzeru za m'fakitale zitafika m'khitchini.

Cholakwa chachikulu cha makanemawa, ndikuona, si kunyoza koma kubisa. Famu yake njoyera, ya dzuwa lokhalokha, yopanda ngongole. M'chaka chomwe The Scarecrow adatuluka, mitengo ya tirigu, chimanga ndi thonje ku America idagwa koopsa pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, alimi ambiri n'kutaya minda yawo. Anthu akuda a kum'mwera kwa dzikolo, omwe ankalima minda ya eni n'kumagawana nawo zokolola mwa ndondomeko yowasiya m'ngongole chaka ndi chaka, saonekamo n'komwe. Wantchito wosauka yemwe kanema ankamumvera chisoni adali mzungu.

Chitsutso chachitatu n'chokhudza mtsikana. Ambiri amati m'makanemawa mkazi ndi mphoto chabe, chinthu choti amuna alimbirane, ndipo kwakukulu akunena zoona. Sybil Seely mu The Scarecrow alibe ngakhale dzina. Ndi mwana wa mwini famu, basi. Winifred Westover, mtsikana wa mu Love, akusinthanitsidwa ndi munda iye ali pomwepo. Pali zina zochepetsako mlanduwo. Seely ndiye akumasulira kugwada kuja momwe iye akufunira, ndiye kuti wasankha yekha pakati pa anyamata awiriwo. Mabel Normand ndi nkhani ina ndithu: adali katswiri wa nthabwala payekha, wowongoleranso makanema ku Keystone, ndipo mu Fatty and Mabel Adrift dzina lake lili pamutu limodzi ndi la Arbuckle. Mabisiketi ake olimba ngati miyala ndi nthabwala yakeyake, ndipo pamene St. John, chifukwa cha nsanje, watuma zigawenga kuti zikankhire kanyumba ka akwatiwo m'nyanja usiku wa mkuntho, Mabel akuyandama pa bedi lake, akunyowa ndi kulimbana ndi madzi mofanana ndi mwamuna wake, mpaka galu Luke atasambira ndi kalata kukaitana thandizo. Koma Normand adali mmodzi mwa ochepa. Ndipo kuchepa kwa gawo la mkazi kukutsimikizira mfundo ija m'malo moigwetsa: kanema amene mtima wake uli pa chikondi sangasiye mmodzi mwa okondanawo wopanda dzina.

Amene angatsutse mwamphamvu kuposa onse ndi okonda Chaplin. Iwo amati The Tramp ndi kanema wachikondi weniweni, ndipo ndi pomwe Chaplin adayamba kusakaniza kuseka ndi misozi. Mmenemo munthu woyendayenda wapulumutsa mtsikana, Edna Purviance, kwa akuba atatu, walembedwa ntchito pa famu ya bambo ake, wavulazidwa mwendo ndi mfuti pothamangitsa akubawo, mtsikana wamusamala, iye n'kuyesa kuti chisamalirocho n'chikondi. Kenako pakufika bwenzi la mtsikanayo, mnyamata wovala bwino, ndipo woyendayenda uja akulemba kakalata, akunyamula kamtolo kake, n'kutsika mumsewu wafumbi atatifulatira. Ululu wake ngweniweni, sitikana. Koma tione chomwe chamugonjetsa. Palibe ndewu, palibe mpikisano. Mnyamatayo wangoima pakhomo ndi suti yake, nkhani n'kuthera pomwepo. Woyendayendayo akudziyang'ana, akuyang'ana mnzakeyo, n'kudziweruza yekha. Chaplin akuonetsa zomwe zimachitika wantchito akadzera njira yoongoka, pomwe Keaton ndi Arbuckle akuonetsa kuti kuti zitheke pafunika galu wa kirimu kukamwa, chingwe cha nsapato chomasuka kapena abusa osadziwa ntchito. Onse atatu akugwirizana pa chinthu chimodzi, kungoti wina akuchinena ndi chisoni, ena ndi chipongwe.

Makanema ambiri a nthawi imeneyo adatayika, chifukwa filimu yake inkapsa msanga ndiponso inkaola ikakhalitsa. Kafukufuku wa Library of Congress wa mu 2013 adapeza kuti pafupifupi 70 pa 100 alionse a makanema aatali opanda mawu a ku America kulibenso. Mwamwayi a Keaton pafupifupi onse adapulumuka, ndipo n'chifukwa chake tingathe kutsatira komwe nkhani ya famuyi idakathera m'manja mwake. Mu 1925, atasiya makanema aafupi n'kuyamba aatali, adakonza Go West. Akuseweranso munthu wopanda kanthu, wolembedwa ntchito pa famu yoweta ng'ombe, ndipo mwini famuyo alinso ndi mwana wamkazi. Koma ulendo uno Keaton sakuvutikanso n'kunamizira. Mtima wa wantchitoyo uli pa ng'ombe yaikazi yotchedwa Brown Eyes, yomwe adaichotsa mwala m'chiboda, iyo n'kuyamba kumutsata kulikonse. Atapulumutsa chuma cha bwana wake poyendetsa gulu lonse la ng'ombe m'misewu ya Los Angeles mpaka kumsika, bwanayo akumuuza kuti asankhe chilichonse chomwe akufuna. Iye akuloza komwe kwaima mtsikana. Bambo akudzidzimuka, mtsikana akuchita manyazi, ndipo Keaton akudutsa pambali pake n'kukatenga ng'ombe yomwe idaima kumbuyo. Akunyamuka onse pa galimoto, bambo ndi mwana wawo kutsogolo, wantchito ndi ng'ombe yake pampando wakumbuyo.